Bambo aang'ono anabwerera ku Angonia, ana awo anatsala kuno

Malipoti onena za kubwerera kwa anthu othawa nkhondo amakonda nambala imodzi, ya anthu amene anawoloka malire. Ya ku Mozambique ndi yaikulu ndithu. Pakati pa 1992 ndi 1995 anthu pafupifupi 1.7 miliyoni anabwerera kwawo kuchokera m'mayiko 6 oyandikana nalo, ndipo ochuluka mwa iwo anachokera kuno ku Malawi. Bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, la UNHCR, limanyadira ntchito imeneyo, ndipo lili ndi chifukwa. Koma kumudzi kwathu, kufupi ndi Chipoka, tili ndi munthu wathu mmodzi m'kati mwa nambala imeneyo, amuna awo a mayi aang'ono, ndipo kubwerera kwawo sikunathere pamalire. Kunatenga zaka, kunagawa banja pakati, ndipo ana awo akusenzabe mbali ina mpaka lero.

Achinyamata ambiri a kuno ku Salima sadziwa kuti nthawi ina munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi khumi alionse m'dziko muno anali wothawa nkhondo. Mozambique inalandira ufulu mu 1975, ndipo pofika 1977 boma la FRELIMO linali pankhondo ndi RENAMO, gulu lomwe poyamba linkathandizidwa ndi boma la azungu la ku Rhodesia, kenako boma latsankho la ku South Africa. Nkhondoyo inatha zaka 15 ndipo inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Mu 1986 ndi pamene anthu anayamba kukhamukira kuno mwaunyinji. Pofika 1992 anali atapitirira miliyoni imodzi, m'dziko lomwe kalembera wa 1987 anapezamo anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni nthaka. Ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri sanakhale m'makampu ayi, anangomanga tinyumba m'midzi ya abale awo, poti kumeneko, monga pa Lizulu, msewu wa M1 ndiwo malire. Tsidya ili Malawi, tsidya ilo Mozambique, chilankhulo chimodzi, maliro amodzi.

Ife kunyanja kuno nkhondoyo tinayamba kuimvera pa njanji. Njira za sitima zopita kumadoko a Beira ndi Nacala zitawonongedwa, feteleza ndi mafuta zinayamba kuzungulira njira yaitali ya ku Durban, mitengo n'kukwera. Asilikali athu anatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala, ndipo ena sanabwereko amoyo. Kenako tinaimvera mwa anthu otsika mapiri a Dedza kudzera ku Golomoti, kudzafuna ganyu wotola thonje ndi womweta mpunga.

Bambo aang'ono anabwera choncho mu 1988. Anali mnyamata wa ku Angonia, dera la ku Mozambique lochita malire ndi Dedza, wolankhula Chichewa ngati cha ku Dedza, koma powerengera ndalama ankalowetsamo Chipwitikizi. Ganyu wa thonje atatha sanabwerere kumtunda. Anali mmisiri wa zitini, ndipo anakhazika kachitsulo kawo ka njanji pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kukhoma ndowa, mbaula ndi nyale za koloboyi. Chaka chotsatira anafunsira mbeta kwa amalume, nalowa chikamwini pamudzi pathu.

Panali chinthu chimodzi chimene agogo sankachimvetsa pa mkamwini wawoyu. Ankalima mwakhama kuposa amuna onse apamudzi, koma nkhokwe anamanga kakang'ono, kochititsa manyazi. Chimanga chambiri ankachitonongola usiku, kuchithira mu diramu, n'kulikwirira m'nyumba pansi pa mphasa. Agogo atawafunsa ngati akuopa mfiti kapena akuba, anayankha kuti, "Amayi, kwathu nkhokwe yodzaza ndiyo inkaitana mfuti." Anachita zimenezo zaka zonse anakhala nafe, m'dziko lomwe munalibe nkhondo.

Chaka cha 1992 tonse timachikumbukira ndi chilala. Pa 4 Okutobala chaka chimenecho Joaquim Chissano, pulezidenti wa Mozambique, ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa RENAMO, anasaina pangano la mtendere ku Rome, patatha zaka ziwiri akukambirana mothandizidwa ndi gulu la Akatolika la Sant'Egidio. Amalume anamva pa wailesi, n'kuthamangira kumtengo wa mango kuja.

"Alamu, mwamva? Nkhondo yatha kwanu!"

Bambo aang'ono sanasiye kukhoma. "Ndamva, alamu. Asaina ku Rome. Tidikire timve ngati a kuthengo amva."

Anadikiradi mvula yonse. Atakolola mu 1993 ananyamuka okha, ndi kathumba ka ufa ndi khasu, kukaona kaye. Umu ndi mmene anthu ambiri anachitira. Sanadikire malole a mabungwe. Mwamuna ankatsogola kukazonda, kukasosa kamunda ndi kuzika nsichi, mkazi ndi ana n'kutsala ku Malawi akusunga khadi lolandirira chakudya mpaka mbewu zoyamba zitacha tsidya linalo. Ena ankati kumeneko n'kubera mabungwe. Ine ndimati inali nzeru ya munthu amene moto unamuwotchapo. Kubwerera kunayenda bwino chotero chifukwa anthu anali ndi mwayi wokaona ndi maso awo, n'kudzisankhira okha tsiku.

Zimene anakapeza anadzatifotokozera pang'onopang'ono, zina patapita zaka. Pamudzi pawo panali thengo lokhalokha, ndipo pabwalo la bambo awo anapadziwira ku mitengo ya mapichesi. Njira yakale yopita kudambo palibe ankaipondanso, poopa mabomba okwirira pansi. Anthu ankayenda mondondozana m'kanjira kamodzi komwe ena anali atadutsamo kale, ndipo mwana akapatuka kukathyola chipatso ankakalipiridwa ngati wapalamula mlandu waukulu. Mantha amenewo sanali opanda pake. Mozambique inadzalengeza kuti yachotsa mabomba onse odziwika mu 2015, patatha zaka 23 chisainire mtendere.

M'dimba la makolo awo anapezamo munthu akuthirira kabichi. Sanali wakuba. Nayenso anali wothawa, wochokera kumudzi wina komwe minda yake ankaikayikira kuti muli mabomba. Apa ndi pamene ndimaona kuti mtendere weniweni unapangidwira, osati ku Rome kokha. Nyakwawa, yomwe nayonso inali itangobwera kumene kuchokera ku Dedza, inaitana akuluakulu otsala. Anayenda m'malire a dimbalo potsata mizere ya khonje yomwe anabzala malemu bambo awo. Chigamulo chinali chakuti wobzala akolole kaye zimene anabzala, kenako abweze dimba kwa mwini wake, koma amudulire kachigawo chakumunsi kuti ana ake asafe ndi njala. Panalibe pepala, panalibe loya. Milandu yotere inaweruzidwa yosawerengeka pansi pa mitengo, ndipo boma la Mozambique linachita bwino mu 1997 pokhazikitsa lamulo la malo lovomereza kuti munthu ali ndi ufulu pamunda wa makolo ake ngakhale alibe chikalata, ndiponso kuti umboni wapakamwa wa anthu apamudzi ndi umboni ndithu.

Nkhani ya dimba inali yopepuka poyerekeza ndi ya mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo. Usiku umene ng'ombe za pamudzipo zinalandidwa, umenenso bambo awo a bambo aang'ono anaphedwa, amene anatsogolera anthu amfuti kukhola anali mwana wa pamudzi pomwepo. Anali atagwidwa miyezi ingapo m'mbuyomo akuweta mbuzi, ali wamng'ono, n'kusandutsidwa wonyamula katundu, kenako msilikali. Mu 1994, pamene asilikali oposa 90,000 a mbali zonse ziwiri ankatula zida pamaso pa a United Nations, mnyamatayo anatulukira kwa mayi ake. Sanamulole kulowa m'nyumba tsiku limenelo. Anagona kunja. M'mawa anapita naye kumtsinje ndi sing'anga, anamusambitsa mankhwala, zovala zake zakunkhondo anazitentha, namuuza kuti pobwerera asacheuke. Atafika pamudzi anathira nsembe kuuza mizimu kuti mwana wabwera, ndipo akuluakulu analamula kuti za kuthengo zisatchulidwenso, kaya ndi iyeyo kaya ndi wina aliyense.

Boma nalo linachita chimodzimodzi m'njira yake. Mu Okutobala 1992 nyumba ya malamulo inakhululukira onse amene anapalamula pankhondoyo. Sikunakhale bwalo lofufuza choonadi ngati lija linadzakhalako ku South Africa. Palibe anaimbidwa mlandu, palibe anapepesa pagulu.

Nkhani imeneyi imandivutitsa mpaka pano. Ndimamvetsa chifukwa chake anasankha kukhala chete. Wopha ndi wophedwa anali a mudzi umodzi, nthawi zina a mimba imodzi, ndipo wophayo kawirikawiri anali mwana wobedwa. Akanati ayambe kuwerengerana, mudzi sukanamangidwanso. Koma ndinaonanso mtengo wa chete ameneyo pankhope ya munthu. Nditakula ndinawafunsa bambo aang'ono mmene amakhalira ndi mnyamata uja. Anati, "Moni ndimamupatsa. Maliro akagwa timakumba manda limodzi. Koma kupisa naye dzanja m'mbale imodzi, mwanawe, ayi." Anakhala moyandikana choncho zaka zoposa makumi awiri. Amene amalemba kuti anthu a ku Mozambique anakhululukirana sanama kwenikweni, koma mtolo wa chikhululukiro chimenecho anausenza ndi amene anaferedwa, ndipo palibe anawafunsa ngati angauthe.

Kwathu kuno mlandu unali wina. Bambo aang'ono atabwerako kokazonda ananena zoti akufuna kutenga banja lawo. Pa mwambo wathu ana ndi a kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi amalume. Anakhala pansi pakhonde la agogo madzulo ena, ife ana tikumvetsera kuseri kwa nkhokwe.

"Alamu, munabwera nokha pano, tinakulandirani," anatero amalume. "Malo tinakupatsani. Chakusowani n'chiyani?"

"Palibe chandisowa, alamu. Koma manda a bambo anga ali pathengo, palibe wolambula. Dimba ndikapanda kukhalapo lipita. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka."

Agogo ndi amene anafunsa funso lomwe aliyense ankaliopa. "Nanga zikakayambiranso, adzukulu angawa mudzathawira nawo kuti? Inu munathawa muli nokha, miyendo iwiri. Uyu adzathawa ndi wina kumsana, wina kudzanja."

Palibe anali wolakwa pakhonde paja. Anagwirizana zodikira chisankho cha ku Mozambique cha mu Okutobala 1994, aone ngati wogonja adzavomere. Chissano anapambana, Dhlakama sanabwerere kuthengo, ndipo mu 1995 mayi aang'ono anapita chitengwa ndi ana awiri aang'ono. Mwana woyamba, mnyamata, anatsala ndi agogo chifukwa cha sukulu. Boma la Bakili Muluzi linali litangochotsa fizi ku pulaimale mu 1994, pomwe tsidya linalo sukulu zambiri zakumidzi zinali mabwinja, ndipo zomwe zinkatsegulidwa zinkaphunzitsa m'Chipwitikizi.

M'mabuku a mabungwe, mayi aang'ono ndi ana awo aja mwina analembedwa ngati obwerera. Koma iwo sankabwerera kulikonse. Anali mkazi wa kunyanja, wozolowera usipa, mpunga ndi kutentha kwa ku Salima, atafika kumapiri kozizira kopanda mbale wake ndi mmodzi yemwe. Kuchitsime anapeza anthu atagawikana mwakachetechete. Amene sanathawe, amene anapirira nkhondo yonse akugona m'mapanga ndi m'mapesi, ankawayang'ana ndi diso lina ochokera ku Malawi. Mayi wina anawauza maso ndi maso kuti, "Inu munkadya ufa waulere ndi mafuta, ife tikudya mizu. Lero mbewu ndi makasu alandirenso inu?" Pamenepa mabungwe anaphunzirapo kanthu. Thandizo lambiri analisandutsa la mudzi wonse, monga mijigo, timilatho, zipinda zophunziriramo ndi tizipatala, kuti wotsala ndi wobwerera amwe pa mjigo umodzi. Nawo a mipingo, motsogozedwa ndi bishopu wa Anglican Dinis Sengulane, anayambitsa mu 1995 ntchito yosinthanitsa mfuti zobisidwa ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Zinthu zotere zinkaoneka zazing'ono, koma ndi zimene zinkachititsa munthu kugona tulo.

Mayi aang'ono anapirira mvula ziwiri. Chinawabweza ndi matenda a mwana wamng'ono. Anadwala chibayo usiku, ndipo chipatala chodalirika chapafupi chinali mbali ya Malawi. Anamubereka kumbuyo, bambo aang'ono akupalasa njinga mumdima m'njira zomwe anthu ankaziopabe. Mwanayo anachira, koma atatuluka m'chipatala mayi aang'ono anakwera basi ya ku Salima, osati yobwerera kumapiri. Ukwati sunathe pabwalo, ankhoswe sanaitanidwe. Unangotalikirana. Patapita nthawi bambo aang'ono anakwatira mkazi wina kwawoko, poti munda sulimidwa ndi munthu mmodzi. Chaka chilichonse akakolola ankatsika ndi thumba la kachewere ndi nyemba, kugona masiku angapo, kukhoma ndowa zonse zobooka zapamudzi, n'kubwerera. Ana awo anakula akuwadziwa ngati mlendo wokondedwa wa mwezi wa Julaye.

Mabanja otere alipo ambiri m'maboma onse amene munakhala othawa nkhondo, ndipo sindinamvepo ndondomeko yomwe inawaganizira. Nawonso midzi yomwe inalandira alendo inatsala ndi zake. Mapiri a ku Dedza ndi Ntcheu anameteka chifukwa cha nkhuni ndi milimo ya anthu ochuluka chotero, ndipo malole a chakudya atasiya kubwera, misika yomwe inkadalira alendowo inazilala.

Mtenderewo nawo sunali wosatha monga tinkaganizira. Mu 2013 RENAMO inatolanso zida. Cha m'ma 2015 ndi 2016 anthu a m'chigawo cha Tete anayambanso kuwolokera pamudzi wa Kapise ku Mwanza, mpaka boma linatsegulanso kampu ya Luwani ku Neno. Pangano lina linasainidwa mu Ogasiti 2019 ndi Filipe Nyusi, pulezidenti wa nthawiyo, ndi Ossufo Momade, mtsogoleri watsopano wa RENAMO, Dhlakama atamwalira chaka cham'mbuyo mwake. Kumapeto kwa 2024, zipolowe za pambuyo pa chisankho zinathamangitsiranso anthu zikwizikwi ku Nsanje ndi Chikwawa. Funso la agogo lija silinali la nkhalamba yamantha.

N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikamva anthu m'minibasi ya ku Lilongwe, tikamadutsa m'boma la Dowa, akunena za anthu a ku Dzaleka kuti angobwerera kwawo basi, a ku Mozambique aja si anabwerera? Kampu ya Dzaleka inatsegulidwa mu 1994 pamalo pomwe kale panali ndende ya andale. Inakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, koma lero muli oposa 50,000, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mu 2023 boma linasonkhanitsa amene ankachita malonda m'matauni ndi m'maboma n'kuwabwezera kukampuko, ena atakhala pakati pathu zaka zambiri, atakwatira ndi kukwatiwa konkuno. Tikamawayerekeza ndi a ku Mozambique tizikumbukira zimene bambo aang'ono anali nazo. Kwawo kunali kofikika ndi miyendo, moti anatha kukaona kaye n'kubwerako. Mfuti zinali zitaleka kulira ndithu. Nyakwawa inkawadziwa, ndipo mizere ya khonje inali ikadalipo yowachitira umboni. Munthu wa kum'mawa kwa Congo alibe ngakhale chimodzi mwa zimenezi, poti kwawoko nkhondo ikadalipo. Ndipo mwana wobadwira ku Dzaleka, amene amalankhula Chichewa ngati ine, tikamamuuza kuti abwerere, tikumutumiza kumene mayi aang'ono anatumizidwa, kudziko lomwe sanalionepo. Bambo aang'ono, ndi mwayi wonse umene anali nawo, kubwerera kunawadyera banja. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989, la nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndipo limaganiza za mlendo wodikira kunyamuka. Likufunika kukonzedwa kuti lione anthu amene sadzanyamuka.

Mnyamata uja anatsala ndi agogo, amene ndimamutcha achimwene ngakhale tinasiyana mimba, anadzakumana ndi mbiri ya bambo ake mu 2017, pa kalembera wa ziphaso za unzika. Atatchula kumene bambo ake anabadwira, wolembayo anaima kaye n'kumuuza kuti adikire pambali. Anachita kubwera amfumu ndi amalume kudzanena kuti mwanayu mchombo wake unagwera pamudzi pano, mayi ake ndi awa. Chiphaso anachipeza, koma anabwera kunyumba atakhumudwa kwambiri. Munthu wa zaka pafupifupi 30, wobadwira ku Salima, wosadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chipwitikizi.

Bambo aang'ono anamwalira zaka zingapo zapitazo. Uthenga unabwera pa WhatsApp kuchokera kwa mwana wawo wa kumapiriko. Tinapita anthu ochepa, mayi aang'ono, amalume, achimwene ndi ine, kudzera pachipata cha Dedza. Mayi aang'ono ndi mkazi mnzawo anakhala pamphasa imodzi m'nyumba ya siwa. Pakati pa adzukulu okumba manda panali bambo wina wa imvi zapatalipatali amene ankagwira ntchito osayankhula ndi munthu, ndipo pobwerera kumanda mlongo wawo wa malemu anandinong'oneza kuti ndi yemwe uja wa nyumba yoyandikana nayo.

M'mawa mwake akubanja anatenga achimwene kupita nawo kudimba. Anawaonetsa mizere ya khonje, n'kuwauza kuti malemu anasiya mawu akuti chigawo chakumtunda ndi cha mwana wawo wa ku Malawi. Achimwene sanasamukireko, ndipo sakuganizako zotero. Anagwirizana ndi mng'ono wawo wa kumeneko kuti iye azilima, iwo azitumiza ndalama ya feteleza ndi mbewu. Kachewere akakumbidwa amabwera pa lole mpaka pa Kamuzu Road, achimwene n'kumagulitsa kwa anyamata okazinga tchipisi, ndipo phindu amagawana pakati. Chaka chatha anakangana pa mtengo wa matumba, mwezi wathunthu osaimbirana foni, mpaka amalume analowererapo.